Nkhama zikutuluka magazi chipezekereni ndi shuga: kodi amoxicillin angathandize?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti chiwapezereni matenda a shuga, akamatsuka mano amalavula magazi, pomwe amuna awo, amene mswachi amaugwira mwa apo ndi apo, alibe vuto. Akufunsa ngati atengera tizilombo tachilendo, komanso ngati amoxicillin, mankhwala opha mabakiteriya, angathetse chiseyeyecho.

Mayi, tizilomboto si tachilendo ayi. M'kamwa mwa anthu mumapezeka mitundu pafupifupi 700 ya mabakiteriya. Amakakamira pa dzino n'kudzikuta ndi zomata zimene amapanga okha, ngati ndere pamwala wa mumtsinje. Mu 1965, katswiri wa mano Harald Löe ku Denmark anasiyitsa anthu a nkhama zabwinobwino kutsuka mano. M'milungu 3 yokha nkhama zinatupa, ndipo atayambiranso kutsuka zinachira.

Chimene chasintha kwa inu ndi malo amene tizilomboto tikukhala. Pakati pa dzino ndi nkhama yathanzi pamakhala kampata ka mamilimita 1 mpaka 3. Nkhama ikatupa kampatako kamazama, mpweya wa okosijeni umachepa pansipo, ndipo thupi limathiramo timadzi todzaza ndi mapuloteni ndi magazi pofuna kumenya nkhondo. Tsoka ilo, kwa bakiteriya wotchedwa Porphyromonas gingivalis chimenecho ndi phwando. Iye sagwirizana ndi okosijeni, chakudya chake ndi mapuloteni ndi ayironi wa m'magazi. Akachuluka amasokoneza chitetezo, kutupa kumakula, chakudya chake n'kuwonjezekanso. Mapeto ake fupa logwira dzino limayamba kudyeka, dzino n'kumagwedera.

Shuga akakwera, maselo oyera a m'magazi amagwira ntchito mofooka ndipo kutupa sikuphwa msanga. Nakonso kutupa kwa nkhama kumavutitsa shuga kutsika. Za bambowo musawasirire msanga: ngati amasuta fodya, timitsempha ta m'nkhama timafinyika, magazi osatuluka ngakhale matenda ali mkati.

Amoxicillin yekha sindingakulangizeni. Mankhwala amavutika kulowa m'zomata zija, ndipo zimene zauma n'kusanduka ngati kamwala ngakhale mswachi suzitha. Pitani kwa dokotala wa mano akazipale mpaka kunsi kwa nkhama, ndipo mumuuze za shugayo. Kunyumba tsukani kawiri patsiku ndi mswachi wofewa, makamaka pamene dzino lakumana ndi nkhama, osaleka chifukwa choona magazi. Kukiliniki ya shuga atchulireninso za nkhamazi.