Mafunso Anu pa Zagalimoto: Petulo woipa amalowera pati?

Ndangogula kagalimoto kanga koyamba kuno ku Luton, ku England. Anzanga akumudzi amene anabwera kale akundiletsa kumwetsa petulo wa pa supamaketi, ati anaphapo galimoto zambirimbiri. Komatu ndiye wotsikirapo mtengo. Akunena zoona kapena ndi mphekesera chabe?

Zinachitikadi, kungoti anzanuwo akuzikamba ngati za dzulo pamene ndi za mu 2007. Chakumapeto kwa February chaka chimenecho, madalaivala ochuluka, makamaka a ku London ndi kum'mwera chakum'mawa kwa England, anayamba kudandaula mofanana: galimoto ikunjenjemera, ikutsamwa ukaponda moto, mphamvu palibe, nyali ya injini yayaka. Ambiri anali atamwetsa pa masupamaketi a Tesco kapena Morrisons. Magalaja anadzaza, ndipo kachipangizo kamene kankafako, oxygen sensor, kanafika posowa kwa ogulitsa zipangizo.

Ofufuza anapeza silicon m'petuloyo, ndipo anamulondola mpaka kumathanki anayi a pa depoti ya Vopak ku West Thurrock, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames ku Essex. Makampani awiri ogulitsa mafuta mwachipiku, Greenergy ndi Harvest Energy, ankasungira petulo wawo pa depoti imeneyo. Tesco inakhuthula petulo m'mathanki a malo ake omwetsera mafuta pafupifupi 150, Morrisons inaimitsa malonda a petulo pamalo 41, ndipo Tesco inapepesa m'manyuzipepala ndi kulonjeza kulipira zokonzetsera galimoto zimene zinawonongeka. Dizilo sanakhudzidwe.

Chochititsa chidwi ndi ichi: poyamba petuloyo atapimidwa anapezeka kuti alibe vuto. Muyezo wa petulo wa ku Ulaya, EN 228, umayang'ana octane (mphamvu ya petulo yoletsa injini kugogoda), sulphur, kulemera kwa mafuta, kauluke kake ndi zina, koma silicon sanali pamndandanda wa zopimidwa chifukwa sayenera kupezeka m'petulo n'komwe. Labotale imapeza chimene yatumidwa kukafuna. Panadutsa masiku angapo galimoto zikufa mapepala akunena kuti zonse zili bwino.

Tsono onani pamene vutolo linalowera. Silinalowere pa pampu, linalowera ku depoti. Supamaketi ilibe fakitale yoyenga mafuta. Imagula kwa achipiku, ndipo mathanka ake, galimoto zonyamula mafuta zija, amakatunga kumadepoti amene mathanka a makampani ena a mafuta amatungako. Kusiyana kumabwera podzaza thanka: kampani iliyonse imathira mankhwala ake otsuka ma injector ndi mavalavu, ochepa kwambiri poyerekeza ndi mafutawo, ndipo makampani a mayina otchuka amanena kuti awo ndi amphamvu kuposa a anzawo. Ifeyo tikuona kuti kwa galimoto wamba yoyendera kuntchito, petulo wa pa supamaketi alibe vuto. Ndiponso malo amenewa amagulitsa mafuta ambiri patsiku, choncho petulo sagonera m'thanki. Ingoonetsetsani kuti galimoto yanu imalola E10, petulo wa octane 95 wokhala ndi ethanol wofika 10 peresenti, amene anayamba kugulitsidwa ku Britain mu September 2021. Galimoto za petulo zopangidwa kuyambira 2011 zimamulola. Ngati yanu ndi yakale kuposa pamenepo, fufuzani kaye, apo ayi mwetsani E5 wa octane 97.

Nanga Britain si ili ndi mafuta akeake pansi pa nyanja? Ikuitanitsiranji ena kunja?

Ali nawodi ku North Sea, koma akucheperachepera, ndipo ambiri amagulitsidwa kunja. Mafakitale oyenga a m'dzikomo, monga Fawley pafupi ndi Southampton, Stanlow, Pembroke ndi Humber, amagula mafuta osayenga ambiri ku Norway ndi ku United States. Mafakitalewa anamangidwa nthawi imene galimoto zambiri zinkayendera petulo, motero petulo amatuluka wokwanira mpaka wina kutumiza kunja, pamene dizilo ndi mafuta a ndege zimapelewera. Dizilo wambiri ankachokera ku Russia mpaka pamene boma la Britain linaletsa mu December 2022. Mafakitalewonso akutsekedwa: Coryton ya ku Essex mu 2012, Grangemouth ya ku Scotland mu 2025. Fakitale ikatsekedwa, mafuta oyenga kale obwera pa sitima zapamadzi amachuluka, ndipo manja amene amadutsamo asanafike pa pampu amachulukanso.

Ndikuphunzira umakaniko ku Lilongwe. Silicon amapha bwanji sensa? Nanga yoteroyo singatsukidwe n'kubwezeretsedwa?

Sensa imeneyi imamangidwa pa paipi ya ekizozi, imodzi kutsogolo kwa catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi), ndipo galimoto zambiri zili ndi ina kumbuyo kwake. Ntchito yake ndi kununkhiza mpweya wa oxygen wotsala mu utsi n'kuuza kompyuta ya injini ngati petulo wachuluka kapena wachepa. Injini imafuna magilamu 14.7 a mpweya pa gilamu imodzi ya petulo. Sensa yamtundu wamba ikatentha kupitirira madigiri 300, mphamvu yake imasinthasintha mofulumira pakati pa mavoti 0.1 ndi 0.9, ndipo kompyuta imawonjezera kapena kuchepetsa petulo potsatira zimenezo.

Silicon akapsa mu injini sasanduka utsi. Amasanduka silica, chinthu chomwecho chimene chimapanga mchenga ndi galasi. Fumbi limeneli limakamatira pamutu pa sensa n'kutseka timabowo topumira. Sensa imayamba ulesi, kenako imanama. Kompyuta ikakhulupirira bodzalo imathira petulo wosayenera, injini n'kumatsamwa, kapena imadziteteza pochepetsa mphamvu. Mukamasula sensa yoteroyo mudzaona mutu wake uli mbuu ngati wapakidwa ufa woyera. Wakuda bii ndi mwaye wa petulo wochuluka, nkhani ina imeneyo. Pa makina opimira mudzapeza makodi monga P0130 kapena P0133.

Kutsuka musataye nako nthawi. Silica sasungunuka m'petulo kapena m'mankhwala otsukira kabuleta, ndipo kupala ndi waya kumangowononga mutuwo. Gulani ina, koma muyambe mwakhuthula mafuta oipawo, chifukwa yatsopanoyo idzafanso imfa yomweyo.

Komatu kwathu kuno sensa zambiri zimene zimafa ndi silicon sizifa ndi petulo ayi. Zimafa ndi silikoni wa m'chubu uja amakaniko amapaka mosaumira pa gasiketi ya kava ya pamwamba kapena pa manifodi. Nthunzi yake imayamwidwa kulowa mu injini n'kukapsa. Pakani wochepa, ndipo gulani wolembedwa kuti sawononga sensa. Madzi a mu radiyeta akamalowa mu silinda chifukwa cha gasiketi yopsa, nawonso amapha sensa.

Mafuta amene timamwetsa kuno ku Malawi amachokera kuti? Zija za ku England zingachitike kuno?

Malawi alibe fakitale yoyenga mafuta, ndiponso alibe doko la panyanja yamchere. Petulo, dizilo ndi palafini yense amagulidwa woyenga kale, wambiri wochokera kumayiko a Aluya, n'kutsitsidwa pamadoko atatu: Beira ndi Nacala ku Mozambique, ndi Dar es Salaam ku Tanzania. Wa ku Beira amadzera ku Tete n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza, ulendo wa makilomita pafupifupi 800 kukafika ku Blantyre. Wa ku Dar es Salaam amalowera pa Songwe ku Karonga, ndipo kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 1,500. Wa ku Nacala akhoza kubwera pa njanji kudzera pa Nayuchi. Oitanitsa akuluakulu ndi awiri: NOCMA, kampani ya boma imene ilinso ndi nkhokwe za malita 60 miliyoni ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndi Petroleum Importers Limited, imene ndi mgwirizano wa makampani ogulitsa mafuta. MERA, nthambi ya boma yoyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndiyo imapereka ziphaso, kuika mitengo ndi kuyang'anira kuti mafuta akukwanira miyezo ya Malawi Bureau of Standards. Anzathu a ku Zambia dizilo wawo wambiri amabwera m'paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo a ku Zimbabwe ali ndi paipi yochokera ku Beira. Ife ndi mathanka basi, kupatula kanjanji kaja.

Kanthu kamodzi m'petulo wathu n'kakuno komwe: ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethco ya ku Dwangwa inayamba mu 1982, PressCane ya ku Chikwawa mu 2004. Pamene a ku Britain ankadabwa ndi E10 mu 2021, ife tinali titatha zaka pafupifupi 40 tikuyendera petulo wosakaniza.

Za ku England zikhoza kuchitika kulikonse kumene mafuta a makampani angapo amagona m'thanki imodzi, ndipo pamadoko tatchulawa ndi momwemo. Koma adani a petulo wa kuno amene amakaniko amakumana nawo kawirikawiri ndi atatu: madzi, palafini ndi dothi. Madzi amalowa m'mathanki a pansi nthawi ya dzinja, ngati chivundikiro cha podzazira chili pamalo odikha kapena thanki yachita dzimbiri. Apa ethanol amatipweteka. Petulo wa E10 amatha kumeza madzi pafupifupi theka la peresenti imodzi osaonetsa kanthu, koma akapitirira pamenepo ethanol amasiyana ndi petulo, n'kutsikira pansi pamodzi ndi madziwo. Pansi ndi pamene pampu imayamwa. Petulo wotsala pamwamba naye amakhala wataya octane. Palafini ndi dothi zimabwera makamaka ndi mafuta a m'zigubu nthawi imene mafuta akusowa, chifukwa chigubu chija dzulo munali dizilo, dzana mafuta ophikira, ndipo wogulitsa wina amawonjezera palafini kuti malita achuluke. Palafini m'petulo amatsitsa octane, injini n'kumagogoda pokwera chitunda, ndipo kugogoda kukapitirira kumaboola pisitoni. Mu dizilo amachotsa kuterera kumene pampu imadalira, ndipo pampu ya common rail, imene imakankha mafuta pa mabar 1,600 kapena kuposa, sichedwa kudyeka.

Nditangochoka pamalo ena omwetsera mafuta galimoto yanga inayamba kudukiza n'kumazima. Ndikukayikira mafutawo. Nditani kuti ndisangolankhula zopanda umboni?

Choyamba imani, muzimitse injini. Kuikakamiza kuti mukafike kunyumba ndi kumene kumasandutsa vuto la fyuluta kukhala la ma injector ndi catalytic converter. Sungani lisiti. Ngati simunatenge, uthenga wa pafoni kapena wa kubanki wosonyeza kuti munalipira nawonso ndi umboni. Lembani nthawi, nambala ya pampu ndi makilomita a pa dashibodi.

Makaniko atape mafuta kuchokera pa paipi yopita ku injini, osati pakamwa pa thanki, chifukwa zoipa zimakhala pansi. Athire m'botolo lagalasi loyera ndi louma, kutali ndi moto ndi fodya. Lisiyeni mphindi 15. Petulo wabwino amaoneka mbee, mumaona chala chanu kuseri kwa botolo. Akachita chifunga ngati madzi otsukira mpunga, muli madzi. Mukaona mzere wogawa pakati, kapena timadontho togudubuzika pansi, ndiye kuti ethanol ndi madzi zasiyana kale ndi petulo. Kenako donthezani pang'ono pa pepala loyera. Petulo amauluka osasiya banga, pamene palafini kapena dizilo amasiya chizindikiro cha mafuta chochedwa kuuma. Amene ali ndi hydrometer, kachipangizo koyezera kulemera kwa zamadzimadzi, ayeze kulemera kwake: petulo amakhala pakati pa magilamu 720 ndi 775 pa lita, dizilo pakati pa 820 ndi 845, palafini pafupifupi 800. Mayeso onsewa sangaonetse silicon. Ameneyo ndi wa ku labotale, ndipo muyenera kuwauza kuti amufunefune.

Dzazani mabotolo awiri a lita imodzi, mutseke bwino, mulembepo tsiku, ndipo makanikoyo asayine. Limodzi ndi lanu, musapereke kwa aliyense. Pitani kwa manijala wa malowo mupemphe kuti aviike ndodo yawo yoyezera atapaka phala losonyeza madzi inu mukuona. Phalalo limasintha mtundu likakhudza madzi, ndipo malo oyendetsedwa bwino amachita zimenezi tsiku lililonse. Funsaninso ngati pali ena amene adandaula, makamaka akabaza a pafupi, popeza njinga yamoto imamva mafuta oipa msanga. Akakukanani, kadandauleni ku MERA msangamsanga, thanka ina isanabwere kudzathira mafuta atsopano pamwamba pa umboniwo. Amene muli ku England ndi ku Wales yambirani ku Citizens Advice, amene amatumiza nkhani zotere ku Trading Standards.

Pokonza, khuthulani thanki yonse, tsukani mapaipi, sinthani fyuluta, yang'anani mapulagi, kenako thirani malita 20 a petulo wabwino ndi kufufuta makodi. Yendani makilomita angapo muone ngati nyali ya injini iyakenso musanagule sensa kapena ma injector. Mafuta okhuthulawo musawathire mu jenereta kapena kugulitsa kwa wa kabaza, ndipo malisiti onse a ku galaja muwasunge pamodzi ndi botolo lija.