Malaya a Buffalo Bandits

Funso: Ndinagulira mwana wanga malaya pa salaula ku msika wa Kapata, olembedwa Buffalo Bandits. Kodi ndi timu yanji? Mayi wa ku Chipata.

Yankho: Mayi, mwanayo wavala timu yaikulu! Ndi ya lacrosse, masewera ochokera kwa eni nthaka a ku North America, oponyerana kampira ndi ndodo yakaukonde kunsonga. Bandits imasewera m'nyumba, ku Buffalo m'chigawo cha New York. Inayamba mu 1992 n'kutenga chikho chaka chomwecho, kenako 1993, 1996 ndi 2008. Apo panagwa chilala cha zaka 15. Ine amene amandigwira mtima ndi John Tavares. Anasewerera timuyi kuyambira 1992 mpaka 2015, ndipo atakhala mphunzitsi wake anabweretsa chikho mu 2023, 2024 ndi 2025.