Usathawe uinjiniya chifukwa cha funso limodzi la mapaipi

Mtsikana wa ku Chinamwali, wa chaka chachiwiri cha civil engineering, walemba kuti walephera mayeso a fluid mechanics, makamaka funso la head loss (mphamvu yomwe madzi amataya poyenda) polowera m'paipi, potulukira, ndi pamene paipi yakula mwadzidzidzi. Bambo ake akuti asiye, akayambe zamalamulo ku UNIMA kufupi ndi kwawo. Makalata otere amabwera chaka ndi chaka.

Mwanangu, ukuloweza mafomula osaganizira chomwe madziwo akuchita. Akamachoka m'thanki kulowa m'paipi yakuthwa kukamwa, amayamba apanikizana pakati kenako n'kufutukuka, ndipo amataya 0.5 V²/2g (V ndi liwiro la madzi, g ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, ndipo nambala ngati 0.5 imeneyi imatchedwa K). Kukamwako kukakhala kokulungika bwino, 0.5 uja amatsika kufika pafupifupi 0.04, paipi ikalowerera m'kati mwa thanki amakwera kufika pafupifupi 0.8. Pokathira m'thanki lina, liwiro lonse limathera m'kuvundula madzi, choncho K ndi 1.

Pokulira paipi ndi pomwe ambiri mumagwera. Madzi sangatsatire khoma lomwe latakasuka mwadzidzidzi. Amathamanga pakati, m'makona akungozungulirazungulira. Tenga paipi ya 50 mm yolowa mu ya 100 mm, liwiro 2 m/s. Malo odutsa madzi akula kanayi, osati kawiri, ndiye liwiro latsika kufika 0.5 m/s. Chotayika ndi (2 − 0.5)² kugawa ndi 2g (19.62), chomwe ndi 0.115 m. Wolemba V1² − V2² (2² − 0.5²) m'malo mwa (2 − 0.5)² amapeza 0.19 m, malikisi n'kupita. Pa paipi yaitali, ngati yotsitsa madzi a ku Mulunguzi kufika m'tauni, zotayika izi zimachepa poyerekeza ndi kukhulana kwa madzi ndi khoma. Pa kapaipi kafupi koyamwira pampu, ukazinyalanyaza pampuyo sikoka bwino.

Inu bambo, mwana akapunthwa kamodzi simumusinthitsa njira. Zamalamulo si pothawira, nakonso malo ndi olimbirana, ndipo zaka ziwiri zomwe mwalipira kale mukufuna zipite pachabe?

Iwenso mwanangu ndisakunamize: ukapitiriza kuwerenga usiku wa mayeso wokha, hydraulics ya kutsogoloku idzakugwetsa. Funso lililonse uzijambula kaye paipiyo, ulembe liwiro mbali zonse ziwiri, kenako fomula. Pa holide ukapemphe attachment ku Southern Region Water Board, kapena ukaone momwe madzi amayendera pa sikimu ya mpunga ya Likangala. Masamuwa sakukuposa, kalembenso mayesowo.