Sikuta yakana kulira itagona miyezi inayi: musagule CDI msanga

Achimwene a ku Chilenje, mwati sikuta yanu ya 50cc ya 2-stroke yakhala pakhonde miyezi inayi osayenda, ndipo tsopano mukadina sitata injini ikuzungulira koma siikulira. Mwatinso makaniko wina wakuuzani pafoni kuti mugule CDI, kabokosi kamagetsi kamene kamalamulira moto wa pulagi. Ndalamazo zisungeni kaye. CDI imafa ndithu, koma njinga imene munaiimika ikuyenda bwinobwino, n'kudzakana kulira itagona, kawirikawiri imakhala kuti petulo waumira m'kabureta. Kuti mudziwe zoona pakufunika sipana ya pulagi, sikuludiraiva, supuni yaing'ono ndi petulo watsopano theka la lita.

Musanamasule kanthu, onani ngati swichi yofiira yozimitsira injini, ngati ilipo, siili pozimitsa, ndipo sitandi ya m'mbali ikwezeni, chifukwa njinga zina zimadula moto ikakhala pansi. Batire yodzaza imawerenga cha m'ma 12.6V. Ngati sitata ikuzungulira mwaulesi, isiyeni, muziliza ndi kiki. Sikuta zambiri zakale zimatenga moto kuchokera ku koilo ya m'kati mwa flywheel, choncho zimalira ndi kiki ngakhale batire itatheratu.

Tsopano chotsani pulagi, muyang'ane kumutu kwake musanaipukute, chifukwa pamenepo ndi pamene pali nkhani. Ikakhala youma gwa pomwe mwakhala mukuliza kangapo, petulo sakufika. Ikakhala yonyowa, yakuda, yonunkha petulo, ndiye kuti injini yakhuta. Ibwezereni m'chipewa chake, mugunditse mazinga ake pachitsulo cha injini, wina aponde kiki makiyi ali otsegula. Gwirani pa labala, apo ayi mudzavina osafuna. Chitirani pamthunzi, padzuwa la masana moto wake suoneka. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umathetheka. Wachikasu wofooka ukhoza kuoneka panja koma n'kuzima m'kati mwa silinda momwe mpweya wapanikizika. Mpata wa kukamwa kwa pulagi pa njinga zambiri zotere umakhala 0.6 mpaka 0.7 mm. Pulagi ya 2-stroke imatha kufa ndi mwaye wa oilo ikuoneka ngati yabwino, ndiye gulani ina ya nambala yomweyo yolembedwa pa yakaleyo. Popita m'tauni nyamulani yakaleyo m'thumba, musalole kupatsidwa ya mazinga aatali kuposa yanu, imagunda pisitoni.

Ngati moto ulipo ndipo pulagi inali youma, thirani petulo watsopano supuni imodzi yaing'ono pabowo la pulagi, mumange pulagi, muponde kiki. Ikalira masekondi awiri atatu n'kuzima, kondwerani: CDI, koilo ndi pisitoni zonse zikugwira, chasowa ndi petulo basi. Musabwereze kambirimbiri, chifukwa petulo ameneyu alibe oilo.

Apa ndiye tsatani njira ya petulo kuchokera kuthanki. Petulo wakale amasintha mtundu n'kumanunkha ngati vanishi. Mukhuthuleni yense m'botolo loonekera, muliike pansi mphindi zingapo. Mukaona kamzere pansi pa botolo, amenewo ndi madzi, ndipo njinga imene yagona panja nyengo ya mvula siilephera kukhala nawo. Pansi pa thanki pali kavalavu kamene pamachoka mapaipi awiri. Yaikulu imapititsa petulo ku kabureta, yaing'ono imapita pakhosi pa injini. Kavalavuka kamatsegula pokhapokha injini ikamakoka mpweya, n'chifukwa chake mukazula paipi yaikulu injini ili chete simuona kanthu, ndipo ambiri amanamizika pomwepa n'kugula katsopano. Yamwani paipi yaing'onoyo ndi sirinji: petulo ayenera kutuluka mothamanga kupaipi yaikulu, mukasiya n'kuleka. Akamangodontha, onani kasefa ka petulo ndi kabowo kopumira pa chivindikiro cha thanki. Mukapeza petulo m'paipi yaing'onoyo, kalabala ka m'kati kang'ambika, sinthani valavu yonse. Paipi yaing'ono ikakhala yosweka ndi dzuwa, imalephera kutsegula valavu komanso imalowetsa mpweya wosafunika.

Petulo akamafika koma njinga osalirabe, tsitsani kabureta. Ijambuleni pafoni musanazule mapaipi. Tsegulani kambale ka pansi, mupeza majeti awiri amkuwa, tizitsulo tamabowo todutsamo petulo. Wonenepayo amagwira ntchito mukakoka mafuta kwambiri. Woonda uja, pilot jet, ndi amene amathandiza injini kuyamba kulira, ndipo bowo lake ndi laling'ono moti ulusi wosokera umavuta kulowa. Mumasuleni ndi sikuludiraiva yokwana bwino, mkuwa suchedwa kuperepeseka. Muviikeni mu mankhwala otsukira kabureta, muuzire, kenako mumuloze kudzuwa. Musabweze mpaka mutaona kuwala kozungulira bwino. Osatokosa ndi singano kapena msomali. Bowo likakula njinga idzayamba kumwa mafuta ndi kudetsa mapulagi mpaka kalekale. Ngati latsekeka kwambiri, kachingwe kamodzi ka waya wofewa wamagetsi n'kokwanira. Tsukaninso tinjira ta m'thupi la kabureta, makamaka kopita ku choko, muonenso ngati choyandama cha m'kambale kaja chikukwera ndi kutsika momasuka ndipo kansonga kake ka labala sikanadyeke. Sikuluwu ya mpweya, musanaichotse, imangeni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati kufika pothera, kuti mudzaibwezere pomwepo. Ngati wina anaisokoneza kale, yambirani pa kamodzi ndi theka kuchokera pothera.

Choko ya njinga zimenezi ndi yamagetsi, kaja kakuda kokhala ndi mawaya awiri pamwamba pa kabureta. Ikazizira singano yake imabwerera m'kati n'kutsegulira petulo woonjezera, ikatentha imatuluka n'kutseka. Ichotseni, muyeze kutalika kwake, muilumikize ku batire mphindi zisanu. Iyenera kutalika ndi mamilimita angapo. Ikafera potseka, m'mawa wa Juni ndi Julayi mudzaponda kiki mpaka thukuta. Ikafera potsegula, njinga imalira bwino ikazizira koma ikatentha imakhuta.

Ngati pulagi munaipeza yonyowa, nkhani ndi ina. Zimitsani makiyi, pulagi ikhale kunja, kokani mafuta mpaka kumapeto, muponde kiki ka 20 mutaika kansanza pafupi ndi bowo. Nthawi zina pamatuluka oilo wambiri, chifukwa njinga ikagona oilo wa 2T, wa injini za 2-stroke, amatha kumasefukira pang'onopang'ono kudzera pa pampu n'kudzaza pansi pa injini. Ikani pulagi youma. Ikalira idzafuka utsi wodzaza bwalo, musaope, uchepa. Tsegulaninso bokosi la sefa ya mpweya. Ndi fumbi la m'misewu yathu ya m'makomboni, siponji ija imasanduka chibuma cha dothi, ndipo yakale imafumbutuka n'kulowa m'kabureta. Itsukeni, iume, muipake oilo pang'ono n'kufinya. Kumbukiraninso kuti Lusaka ili pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, choncho njinga yochunidwira kugombe imakhala kale ikulandira petulo wochulukirapo, sefa ikangotsekeka pang'ono imakhuta msanga.

Moto ulipo, supuni ya petulo mwathira, koma ngakhale kutsokomola osatsokomola? Tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu, wina aponde kiki makiyi ali ozimitsa. Mpweya uyenera kukankha chalacho mwamphamvu. Pa geji, injini yabwino imapitirira 100 psi, ndipo ikatsika pansi pa 90 kulira kumavuta. Apo ndiye maring'i atha kapena amatirira. Onaninso ekizozi. Ya 2-stroke imadzaza mwaye, ndipo mavu amakonda kumata dothi pakamwa pake njinga ikakhala. Imasuleni pa silinda, muyese kuliza kamphindi chabe. Ikalira, wolakwa mwamupeza. Zotsala ndi reed valve yosweka, kavalavu kolowetsa petulo ndi mpweya m'injini, ndi masilo a crankshaft ouma, zomwe zimafuna makaniko wa zida zake.

Za CDI tizikamba pokhapokha moto ukasowa ngakhale ndi pulagi yatsopano. Ndipo ngakhale pamenepo, yambani mwapotokola chipewa cha pulagi, mudule kansonga ka waya theka la sentimita, muchibwezere. Tsatani mawaya onse, makoswe amawakonda. Palani dzimbiri pomwe waya wa earth wamangidwa pa chitsulo. Zulani pa CDI waya wozimitsira injini, amene pa njinga zambiri amakhala wakuda wa mzere woyera. Moto ukabwera, vuto ndi swichi ya makiyi kapena yofiira ija. Ngati zonsezi zili bwino, bwerekani CDI yofanana kwa mnzanu muyesere, chifukwa pali za AC ndi za DC ndipo sizisinthanitsidwa ngakhale soketi ikulowa.

Ikalira musathamangire mu Burma Road. Onani kuti thanki ya oilo ili ndi 2T, osati oilo wa galimoto, ndipo m'kapaipi kochokera ku pampu mulibe thovu la mpweya. Ngati munazula kapaipiko, sakanizani 20 ml ya 2T pa lita iliyonse ya petulo m'thanki yoyamba, mpaka mutaona kuti oilo wa m'thanki yake akutsika. Mukayesa supuni ija mutiuze zomwe yachita, muikenso chithunzi cha pulagi pano.