Mphipi yakuda imene mwaiona ku Cape Town

Achimwene, mwafunsa ngati mbalame yakuda bii imene munaiona pa miyala ya m'mbali mwa nyanja ku Cape Town ndi mphipi yosowa ija yotchedwa bank cormorant, komanso ngati ilidi pangozi. N'kutheka kuti ndi yomweyo, koma yang'anani pakhosi poyamba. Ngati munsi mwa mlomo muli khungu lachikasu, ndipo mbalamezo zikuuluka zambirimbiri mondondozana, imeneyo ndi Cape cormorant. Bank cormorant ndi yojintcha, yotalika pafupifupi masentimita 75, yakuda mpaka kukhosi, ndipo nthawi yoswana imakhala ndi banga loyera pamwamba pa mchira. Yachifuwa choyera, ngati ija timaiona pa nyanja ya Malawi, ndi mtundu winanso.

Za ngoziyo, n'zoona ndithu, ndipo zimandidetsa nkhawa. Bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe pa dziko lonse, linaika bank cormorant m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yotheratu. Imapezeka ku gombe la Namibia ndi kumadzulo kwa South Africa kokha, ndipo zambiri zimaswanirana pa zilumba za Mercury ndi Ichaboe ku Namibia. Vuto lalikulu ndi chakudya, chifukwa mbalameyi siipita kutali ndi gombe: ku South Africa imadalira nkhanu zikuluzikulu za m'miyala, zimene zachepa m'madera ena chifukwa cha usodzi komanso kusamukira kummwera, pomwe ku Namibia imadya tinsomba ta pansi pa nyanja. Mukaona zisa zake, zomangidwa ndi zomera za m'nyanja, chonde imani patali, pakuti kholo likathawa mbalame zina zimadya mazira.