Kusiya fodya uli ndi pakati: yankho kwa mayi wa ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Luchenza, yemwe anapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Akuti ali ndi pakati pa miyezi iwiri, mimba yachiwiri. Amasuta ndudu 4 kapena 5 pa tsiku, mobisa, kuseri kwa bafa. Ali ndi okala pafupi ndi msika, ndipo ndudu ndi zina mwa zomwe amagulitsa. Pa mimba yoyamba analeka, koma mwana atakwanitsa miyezi itatu anayambiranso. Amuna awo amasuta chingambwe m'nyumba. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi kungochepetsa sikokwanira? Nanga ndikasiya, nditani kuti ndisabwererenso ngati kale?"

Achemwali, zikomo polemba. Kuno kwathu mwamuna akasuta anthu amangoti ndi fodya, koma mkazi akasuta amamutcha maina. Ndikudziwa kuti kalatayi simunailembe mophweka. Inenso ndinasutapo zaka 6, kotero sindikudzudzulani.

Za kuchepetsa ndiyankha mosazungulira: sikokwanira. Munthu akachoka pa ndudu 5 n'kufika pa ziwiri, ziwirizo amazikoka mwamphamvu, utsi n'kuusunga m'chifuwa, mpaka moto kuotcha zala. Thupi limapezabe chomwe likufuna. Utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7,000, koma pa nkhani ya mimba gwirani awiri okha. Woyamba ndi nikotini, amene amafinya mitsempha ya magazi, kuphatikizapo yopita ku nsengwa kumene mwana amadyera. Wachiwiri ndi carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu amene agona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi ya chiperoni. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, ndiye mwana amalandira wochepa. N'chifukwa chake ana a amayi osuta amabadwa opepukirapo ndi magalamu pafupifupi 200. Mwina muti 200 n'chiyani, koma kwa khanda limene likanabadwa ndi makilogalamu 2.6, ndiye kuti lagwera pansi pa 2.5, muyezo umene azachipatala amayamba kuda nawo nkhawa. Palinso chiopsezo chopita padera, kubereka masabata 37 asanakwane, ndi nsengwa kumatuka nthawi isanafike, zomwe zimabweretsa kutaya magazi koopsa.

Mwayi wanu ndi wakuti mwalemba msanga. Mayi akasiya m'miyezi itatu yoyambirira, mwana amakula pafupifupi ngati wa mayi wosasuta. Ndipo carbon monoxide sachedwa, pakangotha tsiku limodzi osasuta amakhala atatsika m'magazi.

Kasiyidwe kake mukukadziwa kale, munasiyapo. Ndingokumbutsa kuti chibaba chimabwera ngati mvula ya m'phiri la Mulanje, chimawindukira mwaukali koma pakapita mphindi zochepa chimakata. Sabata yoyamba ndiye yowawa, mutu, kukwiya msanga, tulo kusowa. Pofika sabata yachitatu kapena yachinayi zimapepuka. Ine chinandithandiza ndi nzimbe. Ndinkaidula timapande n'kuika m'kambale, chibaba chikabwera pakamwa ndi manja zonse zili pa ntchito. Chinanazi, mtedza wokazinga kapena madzi ozizira zimagwiranso. Koma musathawire ku fodya wa m'mphuno kapena woika pansi pa mlomo poganiza kuti poti alibe utsi ndi wabwino. Nikotini ndi yemweyo.

Ku sikelo kanenani. Anamwino amalemba zomwe mwawauza, ndipo mukabisa sangayang'anire kakulidwe ka mwana moyenera. Masiku ano amalimbikitsa kupita ku sikelo maulendo 8, ndiye mpata wolankhula ulipo. Mukachita manyazi pa mzere, dikirani mulowe m'kachipinda koyezera. Mankhwala alionse othandiza kusiya fodya, ngakhale chingamu cha nikotini, musagule nokha dokotala asanavomereze.

Tsono tibwere pa funso lanu lachiwiri, limene kwa ine ndilo lalikulu. Amayi ambiri amene amasiya ali ndi pakati amayambiranso mwana asanakwanitse chaka, choncho simuli nokha. Ndikaona ine, pa mimba yoyamba ija simunasiye, munangoimika kaye. Mumtima munati "mpaka ndichire." Mutachira, chifukwa chosiyira chinatha. Onjezanipo kusagona usiku, mwana kulira, apongozi amene anabwera kudzathandiza m'chikuta kubwerera kwawo, inu n'kutsala nokha ndi matewera. Kenako munatsegulanso okala, paketi ili pashelefu pafupi ndi machesi, kasitomala wagula imodzi n'kuyatsira pawindo pomwepo. Ndani akanapirira?

Ulendo uno konzekerani kuyambira lero mwezi wachitatu uja mwana akadzabadwa. Ndudu zichoke mu okala. Ndikudziwa kuti zimakoka makasitomala, wogula fodya amagulanso shuga, koma simungasiye chinthu chimene mukuchigwira m'manja kakhumi pa tsiku. Ngati n'zosatheka, wina azigulitsa mbali imeneyo. Pezaninso munthu mmodzi womuululira, mchemwali wanu kapena mnzanu wa kumpingo wosunga chinsinsi, woti muzimuimbira foni zikavuta. Kubisa n'kumene kumasunga khalidweli, poti ukayambiranso palibe amene amadziwa.

Dziwaninso kuti mwana akabadwa fodya samusiya. Nikotini amalowa mu mkaka wa m'mawere ndipo amatha kuchepetsa mkakawo. Utsi umachititsa chibayo, mphumu, matenda a m'khutu, komanso umawonjezera chiopsezo cha imfa yadzidzidzi ya makanda ali m'tulo, makamaka khanda likamagona pamodzi ndi munthu wosuta. Ife timagona ndi ana athu pamphasa imodzi, m'neti imodzi, ndiye nkhaniyi ndi yathu ndithu. Fungo limakakamiranso m'chitenje chomwe mumaberekera mwana, mphuno yake ili pamsana panu tsiku lonse.

Apa ndi pomwe bambo a kunyumba akulowa. Chingambwe ena amati n'chachilengedwe poti ndi tsamba lopindira papepala, koma chilibe sefa ndipo utsi wake ndi woipa chimodzimodzi. Ngati sangasiye nanu limodzi, asutire panja, kutali ndi khomo, ngakhale mu June kukuzizira, ndipo asambe m'manja n'kusintha malaya asananyamule mwana. Musawauze mokalipa iwo ali ndi fodya pakamwa. Atengeni ku sikelo ulendo umodzi akamve okha kwa anamwino. Amuna ambiri mawu a mkazi wawo amawaponya kunkhongo, koma omwewo akanenedwa ndi wovala yunifolomu amawamva.

Ndipo tsiku lina mukadzaterereka n'kusuta imodzi, musadzati zonse zapita n'kumaliza paketi. Zotsalazo mudzaziponye m'chimbudzi, mudzamuimbire mnzanu uja. Kuyamwitsa musadzaleke chifukwa cha zimenezo. Mkaka wanu udzakhalabe wabwino kwa mwana kuposa wa m'chitini, ndipo miyezi 6 yoyamwitsa mwakathithi idzakwane.

Mudzandilemberenso mukabwera ku sikelo yotsatira. Ndikufuna ndidzamve zomwe anamwino anena, komanso ngati bambowo anavomera kukuperekezani.