Nsanja yosakira agwape ikhale pamwamba bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina amene akukhala ku Grand Rapids, ku Michigan, m'dziko la America. Alamu ake amuitana kuti chaka chino akasake nawo agwape a mchira woyera, aja eni dziko amawatcha whitetail. Wagula kale nsanja yomangirira mumtengo, koma alamuwo akuti aikweze mapazi 30, pomwe wogulitsa m'sitolo anamuuza kuti 15 ndi okwanira. Akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, ndilemba mapazi osati "mafiti", kuopa kuti kumudzi angamve zoti mwapita kutchire ndi mfiti 30.

Alenje ambiri kuno amakhala pakati pa mapazi 15 ndi 20, ndiye kuti mamita 4 ndi theka kufika 6, ndipo nsanja zambiri zokhala ndi makwerero zimalekezera momwemo. Koma ine nambala sindichoka nayo kunyumba. Ndimayamba ndaima patsinde pa mtengo, n'kuyang'ana pamene pali mphanda kapena nthambi zoti zindibise kumsana. Pamenepo ndiye pamalo panga, kaya ndi pa 14 kaya pa 19. Gwape saona mitundu ngati ife, koma chinthu chikangogwedezeka amadziwa. Munthu wokhala pa thunthu lopanda nthambi, kumbuyo kwake kuli thambo lokhalokha, amaonekera patali ngati chisa cha njuchi, ngakhale akwere chotani.

Alamu anuwo sakunama kwenikweni. Kukwera kwambiri kumathandiza kuti fungo lanu lidutse pamwamba pa nyama zimene zili pafupi, komanso mumaona patali. Chimene sanakuuzeni ndi kuipa kwake. Mlenje amafuna kuti muvi kapena chipolopolo chiboole mapapo onse awiri, chifukwa nyama yolasidwa chotero sipita kutali. Mukakhala mamita 6 m'mwamba gwape ali mamita 18 kuchokera patsinde, mukulasa motsetsereka pang'ono, madigiri 18 okha. Gwape yemweyo akafika mamita 5, madigiri aja akwana 50. Mukakwera mamita 9 monga akunenera alamu, apitirira 60. Apo simukuonanso nthiti, mukuona msana ndi mapewa. Muvi ukhoza kugwira phapo limodzi, nyama n'kuthawa nawo mtunda wautali, inu n'kuchezera ndi tochi kulondola magazi amene akuchepa pang'onopang'ono. Zinandichitikirapo chaka changa chachiwiri. Gwapeyo tinamupeza mawa lake ankhandwe atadyako kale, ndipo mpaka lero ndikakumbuka zimandiwawa.

Wa mfuti vuto limeneli silimukhudza kwambiri poti amawombera patali. Wa uta ndiye asamale.

Nyengo nayonso imasintha zinthu. Ku Michigan kusaka ndi uta kumayamba pa 1 Okutobala, masamba akadali m'mitengo. Nthawi imeneyo mukakwera kwambiri mumangodzitsekera m'masamba, pansi osaona kanthu, ndiye mapazi 12 kapena 15 amakwana. Pofika pa 15 Novembala, tsiku lotsegulira kusaka ndi mfuti, nkhalango imakhala itayoyoka, ndipo mtengo umene unakubisani mwezi wathawo umakusiyani poyera. Apo kwezani pang'ono, kapena funani paini kaya mtengo wina wosayoyola masamba.

Za fungo musadalire kukwera. M'mawa dzuwa likayamba kutenthetsa nthaka mpweya umakwera ndipo fungo lanu umalitengera kumwamba. Madzulo kukazizira umatsika, n'kutsetsereka ndi chigwa ngati madzi, fungo lanu lili momwemo. Choncho nsanja ikhale mbali imene mphepo ikuchokera kwa nyama kubwera kwa inu. Pamalo otsetsereka onaninso kumene kanjira ka agwape kadutsa: mukhoza kukhala mapazi 20 kuchokera patsinde, koma gwape wotsika kumtunda n'kumayang'anizana nanu maso ndi maso.

Tsopano mawu amene ndikanakonda mukadafunsa poyamba. Tinakula tikukwera mitengo ya mango opanda chingwe, ndiye timadziona ngati akatswiri. Kumeneko kunalibe chisanu choundana pamakwerero, munalibe majekete atatu m'thupi, ndipo simunkakwera 5 koloko m'mawa kuli mdima zala zitauma. Ngozi zambiri zimachitika pokwera, potsika, ndi podutsa kuchoka pamakwerero kupita pansanja, osati mutakhala kale. Valani malamba ogwira thupi lonse, aja amati harness, osati lamba wa m'chiuno yekha. Mangani chingwe chochokera pamwamba pa nsanja kufika pansi, chokhala ndi mfundo yotsetsereka ya Prusik, ndipo mudzikolowekeko phazi lisanachoke pansi. Mfuti isakhale ndi chipolopolo pokwera, ndipo muikoke ndi chingwe china mutakhazikika kale. Mtengo ukhale wamoyo. Ku Michigan samalani ndi mitengo ya ash: kachilombo ka emerald ash borer, kamene kanapezeka kufupi ndi Detroit mu 2002, kanapha mitengo yambirimbiri, ndipo ina idakali chiimire koma ndi youma. Ngati mukasaka pamalo a boma, nsanja imafunika kukhala ndi dzina lanu, ndipo zopondera zoboola mtengo n'zoletsedwa. Kabuku ka chaka chino ka malamulo osakira nyama, kochokera ku DNR, dipatimenti ya zachilengedwe ya boma la Michigan, mukawerenge musanapite.

Kwa inu amene mukuyamba kumene, ndikuti yambani ndi mapazi 15. Loweruka lina masana kakwereni, mukhalepo ola lathunthu, muimirire, mutembenuke, muyese kukoka uta. Mawondo akamanjenjemera, tsitsani. Mlenje wamantha amagwedezeka, ndipo salasa bwino. Alamu akafunsa chifukwa chake, auzeni kuti akwere okha pa 30 paja, inu mudzawathandiza kukoka nyama ngati aipeza.